Chivomerezi, Apongozi ndi Msana Wanga

Zaka zonse zomwe ndinakhala pa chikamwini kuno ku Domasi, apongozi anga aakazi anali asanandionepo ndikutafuna. Sindikukokomeza. Akatulukira ndili ndi chimanga chootcha m'manja, ndinkachibisa kumbuyo, zamkamwazo n'kungomeza. Tikakumana panjira ya kudambo, ndinkapatuka n'kunjuta m'udzu, nkhope itayang'ana kumbali, mpaka adutse. Moni tinkapatsana patali, ine ndikuomba m'manja chapansipansi. M'nyumba mwawo sindinkapondamo. Mwana akadwalira komweko, ndinkaima pa mtengo wa mango n'kumafunsa kwa mayi ake kuti wadzuka bwanji.

Anzanga kusukulu komwe ndimaphunzitsa ankandiseka kuti zimenezo zinapita ndi makolo, masiku ano mkamwini amakweza apongozi pa njinga yamoto, iwo n'kumugwira m'chiuno mpaka pa Songani. Sindinkawatsutsa. Koma kunena zoona, khalidwe langalo ndinkalinyadira, ndipo chifukwa chake chinalipo. Apongozi anali mlangizi wamkulu pampingo pathu. Mtsikana akatha msinkhu kapena akamalowa m'banja, amayi ankabwera kudzawatenga, ndipo mwambo sunkayamba iwo asanakhale pamkeka. Nyimbo zonse zachilangizo zinali m'mutu mwawo. Akamalangiza anyamata okwatira za ulemu, chitsanzo chawo ndinali ine. Ankati, pitani mukaone apongozi anga, munthu wa sukulu, koma mano awo sindikuwadziwa. Mawu amenewo ankandifika kudzera kwa akazi anga, ine n'kumachita ngati sizikundikhudza, pomwe mumtima ndikuvina.

Nyumba zathu zinayang'anizana, bwalo lili pakati. Yanga ndi ya njerwa zootcha, yomangira simenti. Yawo ndi ya zidina, yomwe anaisiya malemu amuna awo, ya malata akale otsindira ndi miyala. Nyamakazi inali itawagwira maondo, moti kuchoka pakama kufika pakhomo ankatenga nthawi, ndodo ili patsogolo.

Chivomerezi chachikulu chinatipeza masana tili m'kalasi. Kunamveka kugunda kochokera kuphiri ngati lole yodzaza miyala ikutsika, kenako madesiki anayamba kuyenda okha, choko n'kugwa pa bolodi. Ana anapanikizana pakhomo akukuwa. Ine ndinaima bwinobwino n'kuwatulutsa mwadongosolo, ndipo ahedi anandiyamikira pa asembule. Ndikutchula zimenezi kuti mudziwe kuti sindinabadwe wamantha.

Nditafika kunyumba ndinapeza yanga ili bwino, kupatula kabati yomwe inalavula makapu. Ya apongozi ndiye inali itang'aluka. Mng'alu unayambira pa ngodya ya chitseko n'kukwera mokhotakhota mpaka kudenga, ndipo penapake chala chinkalowa. Ndinauyang'ana ndili pa mango paja, pamalire anga, ndipo sunandisangalatse.

Zikanathera pomwepo bwenzi tikungoumata mng'aluwo ndi dothi n'kuiwala. Koma nthaka sinakhale chete. Mawa lake inagwederanso, mkuja wake chimodzimodzi, kenako inkati ikapuma pang'ono, anthu n'kuyamba kuiwala, yabwereranso. Zina zinali zazing'ono zoti umangoona madzi a mu ndowa akunjenjemera. Zina zinkaliza malata n'kuulutsa nkhuku. Mabanja ambiri anatulutsa mikeka n'kumagona pabwalo, udzudzu wa kudambo n'kumachita phwando.

Apa ndi pomwe ndinakula mutu. Poti ndimaphunzitsa za dziko ndi mapu, aliyense ankandifunsa, ndipo ine sindinkadikira n'komwe kuti afunse. Pa tiyirumu ya pa Songani, pa siteji, potuluka m'tchalitchi, ngakhale ku maliro, ndinkafotokoza. Ena ankati chinjoka cha m'phiri chikutembenuka. Ena ankati masiku otsiriza afika. Mnzanga wina wachisilamu wogula mpunga anati Mulungu akungotikumbutsa kuti pano tili pa lendi. Ine ndinkawauza kuti nthaka yomwe timapondayi si chinthu chimodzi, koma yakhala pa zibenthu zikuluzikulu za thanthwe, ndipo zibenthuzo zimayenda, pang'onopang'ono kuposa mmene chikhadabo chimakulira. Kuno kwathu zibenthu ziwiri zikupatukana. Nyanja ija, ndi chigwa chomwe Shire amayendamo kuseri kwa phirili, ndi malo omwe dziko likung'ambikira. Matanthwe amagwirana, n'kukanirirana zaka zambirimbiri, tsiku lina n'kuterereka kamodzi, ndipo kutererekako ndiye chivomerezi.

Za tizivomerezi totsatira ndinali ndi chitsanzo chomwe ndinkachikonda kwambiri. Ndinkati, mukasolola thumba limodzi pansi pa mulu wa matumba a mpunga, ena aja sakhazikika nthawi yomweyo. Ili litsetsereka, ilo lipendekeka, mpaka onse apeze pokhala. Nthaka nayo ikufuna pokhala. Choncho zotsatirazi kawirikawiri zimakhala zazing'ono, ndipo zimanka zichepa. Ndinkamaliza ndi kuwadzudzula kuti asiye kuthamanga ngati mbuzi zaona fisi, chifukwa ambiri omwe ankavulala ankavulala ndi liwiro, osati ndi khoma. Amayi a pampingo anandimva ndikunena zimenezi kangapo konse.

Koma chinalipo china chomwe ndinkachidziwanso, ndipo chimenecho sindinkachilalika pa tiyirumu. Khoma lomwe lang'aluka kale silifuna chivomerezi chachikulu. Kakang'ono komwe kakhoza kulimalizitsa, ndipo palibe wa sukulu aliyense amene angakuuzeni tsiku lake. Nthaka ikangogwedera, maso anga ankathamangira ku nyumba ya apongozi, n'kumawerengera mumtima kutalika kwa ulendo wawo kuchoka pakama kufika pakhomo.

Ndinatuma akazi anga kuti akawauze asamukire kwathu mpaka zinthu zitakhazikika. Chipinda cha ana chinalipo. Yankho linabwera lalifupi: iwo sangagone pansi pa denga la mkamwini, kumamva akutsokomola, iyenso kumamva iwo akutembenuka. Ndinati chabwino, ine ndizikagona ku ofesi ya kusukulu, iwo akhale ndi mwana wawo. Anati zimenezo ndiye zoipa kuposa, anthu adzati nkhalamba yathamangitsa mwamuna pakama pake. Ndinagula lona kuti tiwamangire chisakasa pabwalo. Anati iwo si mpunga woti azifunditsidwa lona. Ndinatumiza ngakhale nkhani yanga ya matumba ija, akazi anga n'kukaifotokoza monse mmene akanathera. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuyamikira kuti aphunzitsi amadziwa zinthu, kenako anati nthaka ikaganiza zosamuka iwo asamuka nayo, koma m'nyumba ya amuna awo satulukamo.

Ndinapsa mtima, ndipo poti sindikanawakalipira eni ake, ndinakalipira mwana wawo. Ndinati manyazi anapha lambe, mayi anuwa afuna tiwafukule ndi makasu. Akazi anga anandiyang'ana n'kundifunsa kuti ndani amene wakhala akuthirira manyaziwo zaka zonsezi ndi kunjuta kwake m'udzu. Anawonjezera kuti mkamwini asamakule mwendo, pano mpa eni ake. Tinagona osalankhulana.

Chomwe ndinakwanitsa n'chimodzi. Lamulungu lina iwo ali ku tchalitchi, ine ndi alamu anga, mchimwene wa akazi anga, tinadula mitengo ya bulugamu n'kuchirikiza khomalo chakunja. Atabwerako anaiyang'ana mitengoyo, madzulo ake n'kuyanikapo nsalu.

Tsiku lomwe ndikufuna kunenalo linali Loweruka, dzuwa litakwera ndithu. Mpunga unali utayamba kucha, moti akazi anga ndi ana analawirira kudambo kukaingitsa mbalame. Ine ndinali pakhonde langa ndikuchonga makope. Kumudzi woyandikana nafe kunali mtsikana woti alowa m'banja, ndipo amayi alangizi anabwera kudzatenga apongozi kuti apitire limodzi. Anali amayi akuluakulu okhaokha, atavala mabulauzi oyera, ndipo anayala mkeka pansi pa mango n'kumadikira. Apongozi anali atangochokera kubafa, n'kulowa m'nyumba kukavala.

Kugunda kuja kunamveka kuchokera kuphiri. Khonde linandisuntha, malata analira. Nditadzutsa mutu ndinaona mtengo umodzi wa bulugamu ukuterereka n'kugwa, ndipo pa mng'alu paja panatuluka fumbi. Sindikukumbuka kuti ndinaganiza chilichonse. Makope anamwazika, ine ndili pa liwiro la mtondo wadooka, kudutsa bwalo, kudutsa mango, kudutsa amayi aja, mpaka chitseko chomwe ndinali ndisanachikhudzepo chiyambire. Ndinachikankha ndi phewa.

Zomwe ndinaona m'katimo ndimazionabe. Kanyumba kaudongo, kozira bwino. Bulauzi yoyera itayalidwa pakama, duku ili pambali pake. Apongozi atakhala m'mphepete mwa kama, chitenje chimodzi chokha atamanga pachifuwa, mutu uli pamtunda, imvi zokhazokha, akupaka mankhwala pa bondo. Anandiyang'ana m'maso, koyamba pa moyo wathu, n'kungoti, "Apongozi?"

Ndinatembenuka, kunjuta, kuwagwira mikono n'kuwakokera kumsana ngati mwana. Anali opepuka zodabwitsa. Anayesa kudzikoka, ndinamva chibakera chawo chaching'ono chikundigunda paphewa, koma ine ndinali nditanyamuka kale. Potuluka, chitenje chija chinakola pa msomali wa pachitseko. Ndinamva chikukoka, ndinamva chikumasuka, ndipo sindinaime. Ndinathamanga nawo choncho bwalo lonse, n'kukawatsitsa pamkeka, pakati penipeni pa amayi alangizi.

Mayi wina anavula chitenje chake chapamwamba msangamsanga n'kuwafunditsa. Wina anawaphimba kumutu ndi mpango. Ine ndinaima ndikupuma wefuwefu, ndikudikira kumva khoma likugwa kumbuyo kwanga.

Kunali zii. Nkhuku zinali zitayambiranso kutola. Ndinacheuka, nyumba ili chiimire, chitenje chikulendewera pachitseko. Kenako ndinazindikira kuti amayi aja palibe ndi mmodzi yemwe amene anaimirira. Anakhala pansi mmene ndinawaphunzitsira. Chivomerezicho chinali chitatha ndisanafike n'komwe pa mango.

Mayi wamkulu pa gululo, woonda, wa magalasi, anayang'ana pansi n'kulankhula mofatsa ngati akufunsa za mtengo wa mchere.

"Aphunzitsi, si munatiuza nokha kuti zotsatirazi zimakhala zazing'ono?"

Palibe anaseka. Bola akanaseka. Ndinalakalaka nthaka yomweyo, yomwe ndinkaidziwa bwino mayendedwe ake, itang'ambika pomwe ndinaimapo n'kundimeza, koma inali itamaliza zake. Ndinayesa kunjuta n'kuomba m'manja monga mwa masiku onse, ndipo ndinaona ndekha kuti zikuoneka zopusa. Manja omwewo anali atangochoka pa thupi lawo.

Apongozi sanandiyang'ane. Anapempha kuti wina akawatengere ndodo yawo. Itabwera anadzuka okha, kukana dzanja la aliyense, n'kuyamba ulendo wobwerera, atadzikulunga m'chitenje cha eni. Bwalo lomwe ndinalidutsa m'kuphethira kwa diso, iwo analiyenda pang'onopang'ono, ndodo patsogolo, mwendo, ndodo, mwendo, tonse tikuyang'ana kumbali. Atafika pakhomo anakolola chitenje chawo pa msomali paja, kulowa, n'kutseka. Patapita kanthawi mayi wa magalasi uja anakagogoda. Anamuyankhira m'kati momwemo kuti maondo avuta, apite okha.

Ine ndinatenga njinga n'kuthawa. Ndinapalasa mpaka ku Malosa popanda chokachita, n'kukhala pa mlatho wina ndikuyang'ana madzi. Njala inandipweteka koma ndinkaopa kulowa mu tiyirumu, poganiza kuti nkhani yandipitirira kale. Sindinalakwitse kwenikweni. Pobwerera chakumadzulo, mayi wina wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anandipatsa moni wautali kuposa masiku onse, maso ake akuseka.

Akazi anga anaimva nkhaniyi ali kudambo. Anandiuza okha pambuyo pake kuti poyamba anaseka mpaka kukhala pansi m'matope. Atafika kunyumba n'kulowa kwa mayi awo, kuseka kunatha. Anawapeza atakhala pakama pomwe paja, bulauzi yoyera ija ataipinda n'kuibwezera m'sutikesi. Nditafika ine, anandilandira ndi funso limodzi: kodi pakamwa panalibe? Bwanji osaima pakhomo n'kukuwa, kapena kutuma mmodzi mwa amayi aja, poti anali pomwepo? Ndinati nthawi panalibe, khoma likanagwa. Anati koma silinagwe. Ndinati likanatha kugwa. Anati inde, koma silinagwe. Tinazungulira pamenepo mpaka ndinatuluka panja.

Ndiulule chinthu chonyansa chomwe chinali mumtima mwanga masiku amenewo. Ndinkafuna khoma lija ligwe. Osati iwo ali m'katimo, ayi. Ligwe ali ku tchalitchi kapena kuchipatala, koma ligwe ndithu, anthu abwere adzaone mulu wa zidina pakama paja n'kunena kuti aphunzitsi aja anaona patali. Nthaka ikagwedera ndinkasuzumira pawindo ndi chiyembekezo. Munthu wamkulu, wa ana, kumapempherera nyumba ya mayi wamasiye kuti igwe. Tizivomerezi tija tinanka tichepa monga ndinkanenera, kenako tinasiyiratu. Alamu anga anadzamata mng'alu uja ndi dothi la pachulu. Nyumbayo ilipo mpaka lero, ndipo ndimaiona m'mawa uliwonse ndikamatsuka mkamwa.

Chipongwe chomwe chinagwera ine ndinachipirira, poti ndinachiputa ndekha. Pa siteji ya pa Songani anyamata oitanira minibasi akaona mayi wokalamba akuvutika kukwera, ankandikuwira kuti aphunzitsi thandizani, ntchito yanu ija yapezeka. Kusukulu, tsiku lomwe ndinafika pa mutu wa zivomerezi, mwana wina anakweza dzanja n'kufunsa mwaulemu kwambiri kuti kodi munthu azichita chiyani nthaka ikagwedera, kalasi yonse n'kugwera pa madesiki. Anzanga aja omwe ankanena za njinga yamoto anati ine ndawaposa, iwo amafuna petulo. Ndinkaseka nawo, chifukwa ukakwiya ndiye umawapatsa mphamvu.

Za apongozi zinali zina. Palibe amene anawaseka pamaso, sakanayerekeza. Koma iwo anasiya kukhala pakhonde madzulo. Ku tchalitchi anachoka pa benchi ya kutsogolo pomwe amakhala alangizi n'kumakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, kuti azituluka anthu asanayambe kupatsana moni. Amayi akabwera kudzawatenga ku chilangizo, maondo ankakhala atavuta. Anabwera kachiwiri, kachitatu, kenako anayamba kumangodutsa pamsewu osakhota. Ine ndinkawaona akudutsa ndili pakhonde, mabulauzi awo oyera, ndipo ndinkalowa m'nyumba.

Ndinapempha alamu anga kuti akandipepesere mwa mwambo. Ndinagula tambala wamkulu, woyera, iwo n'kupita naye. Ndinkayembekezera kuti apongozi akalipa, mwina kubweza tambalayo, mwina kuitanitsa ankhoswe kuti tikambirane, ndipo zimenezo zikanandipepukitsa. Munthu akakukalipira umadziwa kuti walipira. Koma anamulandira. Anauza alamu angawo kuti palibe mlandu, apongozi awo, kunena ine, anachita zomwe mtima unawauza, ndipo Mulungu awadalitse poganizira nkhalamba. Madzulo ake mwana anabwera ndi mbale ya nyama ya tambala yemweyo, chiwindi ndi nthutumba zili pamwamba, kuti apatse bambo ake. Ndinalephera kudya. Madzi akatayika saoleka, ndipo iwo ankadziwa zimenezo kuposa ine.

Nthawi zina ndimadziteteza ndekha mumtima. Ndimati khoma lija linali loopsadi, aliyense wodziwa zomanga akanavomereza. Ndimati zikanakhala kuti linagwa, bwenzi lero anthu akunditchula mwaulemu. Zonsezo n'zoona. Koma ndikakumbukira bwinobwino, amayi aja anali pafupi ndi chitseko kuposa ine. Liwu limodzi lokha likanakwana, ndipo akanalowa akazi anzawo n'kuwatulutsa atavala. Sindinawaone n'komwe ngati anthu oti angathandize. Kwa milungu yonse ija ndinali nditadzizoloweza kuti pamudzi pano wodziwa za nthaka ndine ndekha, wodera nkhawa khoma lija ndine ndekha, moti itakwana nthawi ndinathamanga ngati pabwalopo palibe wina.

Chaka chotsatira, mpunga utakololedwa, mwana wathu woyamba anapeza banja. Mnyamata wa ku Malosa, wokonza njinga zamoto, wofatsa. Zonse zinayenda bwino, ankhoswe anagwirizana, tsiku linaikidwa. Chinatsala ndi chilangizo cha mtsikanayo, ndipo pamenepo panalibe chofunsa. Mdzukulu woyamba wa mlangizi wamkulu amalangizidwa agogo ake ali kutsogolo. Apongozi anali atayamba kunena zimenezi mwanayo akadali wa kumsana, kuti uyu yekha ndidzamuimbira ndekha ngakhale mano atatha. Mumtima ndinati mwina apa mpomwe zinthu zibwerere m'malo. Ndinawagulira bulauzi yatsopano ndi duku, n'kupatsa akazi anga kuti akapereke ngati zachokera kwa iwo.

Tsiku lomwe akazi anga anapita kukawauza, ine ndinali kuseri kwa khoma long'aluka lija la nyumba yawo ndikuzula mitengo ya bulugamu yotsala ija, poti chiswe chinali chitaidya. Sindinafune kumvetsera, koma khoma la zidina silisunga mawu. Ndinamva akazi anga akufotokoza za tsiku, za amayi omwe abwere, za bulauzi.

"Kaitaneni anzanga aja, akamulangize," anatero apongozi. "Onse aja ndinawaphunzitsa ine, salakwitsa."

"Amayi, mwana wake ndi ameneyu. Munkanena nokha."

"Ndinkanena, eya. Koma mwanayo akudziwa mmene agogo ake anatulukira m'nyumba muno. Ndikakamuuza kuti apongozi ako uziwaopa, thupi lako lisamaonekere anthu wamba, sanganditsutse, ndi mwana wabwino. Angoyang'ana pansi kuti asaseke. Za ena ndapirira, koma iyeyo ndisamuone akuyang'ana pansi chifukwa cha ine."

Akazi anga anayamba kulira, akuti palibe amene akukumbukira zimenezo, anthu anaiwala kalekale. Apongozi anayankha kuti mwina anthu anaiwaladi, koma iwo ayi. Anawonjezera kuti bulauziyo njokongola, akawathokozere amene anagula. Ndinaima kuseriko mtengo wodyeka ndi chiswe uli m'manja, ndikuopa kuuika pansi kuti angamve kuti ndilipo.

Chilangizo chinachitikira m'nyumba mwathu, Loweruka masana. Amuna sitikhalapo pa zotere, choncho ine ndinapita kukakhala kwa alamu anga. Zomwe zinachitika anandiuza akazi anga madzulo, akutsuka mbale, osandiyang'ana.

Anati amayi anabwera ambiri, nyumba inadzaza mpaka pakhonde. Anatsogolera ndi mayi wa magalasi uja. Asanayambe anawoloka bwalo yekha kukagogoda kwa apongozi, n'kubwerako yekha. Pamkeka anasiyapo malo, kutsogolo, pafupi ndi mtsikanayo, ndipo palibe anakhalapo. Mawindo anawasiya otsegula dala kuti nyimbo zizimveka tsidya la bwalo.

Zinayenda bwino mpaka anafika pa nyimbo ina yakale, yaitali, yomwe amaimba pomupatsa mtsikana malangizo otsiriza. Ndime zoyamba anaimba. Atafika pakati, wotsogolera anaima, mawu atamuthawa. Anayang'ana anzake, nawonso sankaikumbukira. Zaka zonsezi ndime imeneyo ankangovomera, woyambitsa anali mmodzi. Kuomba m'manja kunazilala. Amayi onse anatembenukira pawindo, kuyang'ana chitseko cha tsidya lija, ndipo mwana wathu nayenso anadzutsa mutu n'kuyang'ana komweko. Anati kunali chete moti munthu wokhala m'nyumba ija sakanalephera kudziwa pomwe aimira ndi chomwe akudikira.

Anadikira ndithu. Chitseko sichinatseguke, ndipo mayi wa magalasi uja anayambitsa nyimbo ina.